Kumanga pakati pa tauni: zimene Eastgate ya ku Harare ikutiphunzitsa



Ndapemphedwa kuti ndilankhule za nyumba zosanjikizana za m'tauni, zija zimene sizitalika mpaka kupweteketsa khosi poziyang'ana: za nsanjika 5 mpaka 10, masitolo pansi, maofesi kapena malo ogona pamwamba, zomangidwa pa malo amene atsala pakati pa nyumba zinzake. Nkhani yotere ukaiyamba ndi malamulo, anthu sachedwa kuwodzera. Choncho ndasankha nyumba imodzi yeniyeni kuti tiiyendere limodzi kuyambira pansi mpaka padenga. Dzina lake ndi Eastgate, ili pa Robert Mugabe Road pakati pa mzinda wa Harare, ndipo idatsegulidwa mu 1996. Amene mudapitako kukaona abale ku Mbare kapena ku Mufakose mwina mudaidutsa osaiyang'ana kawiri.

Harare ndi mnzathu pa nyengo, n'chifukwa chake sindidapite nanu ku London kapena ku Dubai. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000. Masana dzuwa limaswa mtengo, usiku kumazizira. Kusowa kwa ndalama zakunja ndi kuzimazima kwa magetsi nakonso amakudziwa bwino.

Eni ake, kampani ya Old Mutual, ankafuna chimene mwini poloti aliyense amafuna: nyumba yobweretsa lendi. Koma adaikapo mfundo imodzi yovuta, yakuti m'maofesi musakhale makina oziziritsa mpweya. Makina amenewa amachokera kunja, akawonongeka zipangizo zake zimachokeranso kunja, ndipo amadya magetsi tsiku ndi tsiku kwa moyo wonse wa nyumbayo. Ntchito yojambula pulani idapatsidwa kwa Mick Pearce, mwana wa mumzinda womwewo wobadwa mu 1938, mothandizana ndi mainjiniya a kampani ya Ove Arup.

Malowo adali aakulu ndithu, theka la chigawo chozunguliridwa ndi misewu. Wina akadawadzaza ndi chinyumba chimodzi kuchokera malire mpaka malire. Pearce adaikapo nyumba ziwiri zoyang'anizana, iliyonse ya nsanjika 9, mamita 146 m'litali koma mamita 16 okha m'lifupi. Pakati pake adasiya mpata wa mamita pafupifupi 17 n'kuufolera ndi denga la magalasi. Mpatawo ndi njira ya anthu oyenda pansi, masitolo uku ndi uku. Zikepe, masitepe ndi timilatho tolumikiza nyumba ziwirizi zonse zili mumpatamo, zolendewera ku zitsulo za kudenga, kotero kuti sizidya malo a lendi. Nsanjika ziwiri zoyamba ndi zamalonda, 7 zapamwamba ndi maofesi, ndipo pansi pa nthaka pali nsanjika ziwiri zoimikamo magalimoto 450. Malo a masitolo ndi masikweya mita 5,600, a maofesi 26,000.

Pa ziwerengero zonsezi, ndikufuna mugwire chimodzi: mamita 16 aja. Kuwala kolowera pawindo sikupita kutali. Kumafika mtunda wowirikiza kawiri, mwina kawiri ndi theka, kutalika kochokera pansi kufika pamwamba pa windolo, ndiye kuti mamita 6 kapena 7 m'chipinda wamba. Nyumba ya mamita 16 yokhala ndi mawindo mbali zonse ziwiri imapatsa kuwala pafupifupi aliyense wokhala pa tebulo, ndipo pakati penipeni, pamene kuwala kwathera, m'pamene amaikapo mipata yoyendamo mpweya. Tsono yerekezani ndi zimene timamva kawirikawiri kwa eni mapoloti: "Ndagula poloti yonse, ndimanga yonse." Amamangadi yonse, mamita 30 kulowa mkati, khoma kugundana ndi khoma la mnansi. Zipinda zapakati zimakhala zamdima, nyali zimayaka masana, makoma amanunkha chinyontho. Pa pepala masikweya mita achuluka, koma wobwereka akabwera amasankha chipinda cha kumsewu, zotsalazo zimasanduka mosungira makatoni pa lendi ya theka. Malo amene mwasiya osamanga kuti kuwala kulowe sadatayike, ndi amene akukweza mtengo wa zipinda zinazo.

Nyumba ziwirizi zidagona kuchokera kummawa kupita kumadzulo, motero makoma ake aatali ayang'ana kumpoto ndi kummwera. Kuno kwathu dzuwa la masana limadutsa pamwamba, n'kupendekera kumpoto m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Lotero kulitchinga n'kosavuta, kakhonde kotulukira pamwamba pa windo kamakwanira. Dzuwa lankhanza ndi la m'mawa ndi la chakumadzulo, makamaka la 3 koloko mu Okutobala, limene limalowa chopingasa mpaka kukagunda khoma la mkati. Ku Eastgate limeneli limakumana ndi mbali zazifupi za nyumba.

Mukaima patsidya pa msewu muona kuti khoma lake silosalala. Nsanjika iliyonse ili ndi mashelefu a konkire otulukira kunja, ndipo mawindo ndi aang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a khoma, obisala mumthunzi. Konkireyo adaiumbiratu m'zikombole n'kuikwecha kuti timiyala ta mkati tionekere, ifanane ndi matanthwe a m'Zimbabwe. Zomera zoyanga zimakwera m'mphete zachitsulo. Khoma lokhakhala chonchi limadzichitira lokha mthunzi masana, ndipo usiku limataya kutentha msanga popeza malo okhudzana ndi mphepo ndi ochuluka. Alipo amene amati nyumbayi ndi yosakongola, yolemera m'maso. Ine ndimaikonda, koma sindikakamiza munthu. Chimene sindingavomere n'chakuti galasi la buluu lokuta khoma lonse loyang'ana kumadzulo ndilo chitukuko. Limenelo ndi ngongole ya magetsi imene mwini nyumba wasayinira ana ake.

Nzeru yeniyeni ili mkati, pansi pa mapazi a anthu. Pa nsanjika iliyonse ya maofesi pali masilabu awiri, ina pamwamba pa inzake, pakati pake mphako. M'mphakomo adaumbamo timano ta konkire tambirimbiri. Kudenga kwa ofesi kulibe siling'i, konkire ili poyera, yokhota, ndipo nyali zimawalitsa m'mwamba kuti kuwala kubwerere pansi, kutentha kwake kutsale m'konkiremo. Pamwamba pa masitolo pali kansanjika kobisika ka makina, mmene muli magulu 32 a mafani. Mafaniwa amakoka mpweya kuchokera mumpata wapakati uja, kuusefa fumbi, n'kuukankhira m'mipata yokwera m'mwamba pakati pa nyumba iliyonse. Kuchokera mmenemo mpweya umalowa m'mphako, umadutsa pa timano tija, n'kutulukira m'chipinda pa timabowo ta m'munsi mwa windo. Anthu, makompyuta ndi nyali zikautenthetsa umakwera kudenga, umalowa pa bowo la kumapeto kwa denga lokhotalo, n'kupitirira mpaka ku machumuni a njerwa 48 amene andanda pamwamba pa denga la matailosi ofiira.

Ntchito yaikulu imachitika anthu ataweruka. Usiku mafani aakulu amayatsidwa, ndipo amasintha mpweya wa m'maofesimo ka 10 pa ola. Mpweya wozizira wa usiku umayenda ukuchotsa kutentha kumene konkire idamwa tsiku lonse. Pofika mbandakucha konkire yazizira. Masana mafani aang'ono ndi amene amagwira, kawiri kokha pa ola, ndipo mpweya wotentha wakunja podutsa pa timano tozizirato umatsika ndi madigiri pafupifupi 3 usanafike pa munthu. Madigiri 3 angamveke ochepa. Koma onjezanipo kuti dzuwa silikulowa, denga la pamutu panu ndi lozizira, ndipo mpweya ukuyenda. Thupi limamva zonsezo pamodzi.

Amene mudakulira m'nyumba ya dothi ya makoma ochindikala, yofolera udzu, khonde kuzungulira, palibe chachilendo apa. Masana munkathawira dzuwa m'nyumba, usiku makoma omwewo ankakufunditsani. Eastgate yachita zomwezo pa nsanjika 9, n'kuwonjezapo mafani kuti kuzizira kwa usiku kulowe mokwanira kunja kusanache.

Ndikudziwa kuti ena mukudikira nkhani ya chiswe, poti aliyense amene adamvapo za nyumbayi adamva kuti idatengera chulu. Pearce mwini wake amanena kuti ganizo adalitenga kumeneko. Pa nthawiyo akatswiri ankatsatira zimene Martin Lüscher wa ku Switzerland adalemba mu 1961, zakuti kutentha kwa chiswe ndi kwa bowa amene chimalima pansi kumakweza mpweya m'chulu n'kuuzungulitsa, kotero kuti m'chisa mumakhala kutentha kosasinthasintha. Pambuyo pake J. Scott Turner wa ku America, atayeza chulu ndi chulu ku Namibia, adapeza zosiyana. Chulu chimagwira ntchito ya mapapo: mphepo yakunja ndiyo imalowetsa ndi kutulutsa mpweya kudzera m'timabowo ta m'khoma lake, ndipo kutentha kwa m'chisa kumatsatira kwa nthaka, kukwera ndi kutsika malinga ndi nyengo. Ndiye kuti fanizo lija lidali lopotoka, koma nyumba ikugwirabe ntchito mpaka lero. Zidatheka chifukwa mainjiniya sadatsamire fanizo. Adatenga zolembedwa za nyengo ya Harare, adaona kuti masana ndi usiku zimasiyana ndi madigiri 10 kapena kuposa, ndipo adawerengera kuchuluka kwa konkire ndi kwa mpweya kofunika kuti kuzizira kwa usiku kufike mpaka madzulo a tsiku lotsatira. Inu ophunzira, nthano ya chiswe ndi yokoma pogulitsa pulani kwa mwini ndalama, igwiritseni ntchito ngati mufuna. Koma musadzabwere ndi chithunzi cha chulu masamu mulibe.

Pa ziwerengero za phindu pafunikanso maso. Pa intaneti mudzawerenga kuti Eastgate imadya gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a magetsi a nyumba zinzake. Chiwerengero chimenecho chimanena za magetsi oziziritsira ndi kuyendetsa mpweya, osati a nyumba yonse. Chimene Pearce adapereka, atayerekeza ndi nyumba zina 6 za mu Harare zokhala ndi makina oziziritsa, n'chakuti magetsi onse pamodzi ndi ochepa ndi 35 peresenti. Pomanga, kusagula makinawo kudapulumutsa 10 peresenti ya mtengo wonse, madola a ku America pafupifupi 3.5 miliyoni. Zimenezi n'zokwanira, sizifuna kuthiridwa mchere. Ndipo pali phindu lina losalowa m'mabuku a akauntanti: magetsi akazima, machumuni amapitiriza kukoka mpweya paokha, pang'onopang'ono, konkire ikadali yozizira, pamene m'nyumba ya magalasi osatsegula anthu amayamba kuvula majekete n'kutulukira panja. Ife amene tidaona namondwe Ana akuwononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, sitifunika kulongosoleredwa.

Ndisakunamizeni kuti njirayi ilibe malire. Nsanjika ziwiri za masitolo ndi za magalimoto zili ndi makina wamba oyendetsa mpweya, ndipo mwini sitolo akafuna makina oziziritsa amaloledwa kuika. Masilabu awiri amadya simenti yambiri, ndipo mtengo wa thumba la simenti mukuudziwa. Pamafunikanso munthu wodziwa nthawi yoyatsa ndi kuzimitsa mafani ndi kutsuka zosefera fumbi. Atangolekerera, nyumba yonse imataya nzeru zake. Chachikulu koposa, zonsezi zimadalira usiku wozizira. Ku Dedza, ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Limbe zingatheke. Ku Nsanje, ku Mangochi kapena ku Beira, kumene munthu umagona thukuta lili kamukamu mpaka m'mawa, konkire yochindikala ingakusungireni kutentha m'malo mwa kuzizira. Kumeneko pafunika nyumba yopepuka, mthunzi wambiri ndi mphepo yodutsa. Pearce mwiniyo, pojambula nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Melbourne ku Australia yotchedwa CH2, yomwe idatsegulidwa mu 2006, sadakope Eastgate. Adasunga ganizo la kuziziritsa konkire usiku, koma kumeneko mawindo amatseguka okha usiku, ndipo khoma la kumadzulo lili ndi zitseko zamatabwa zotembenuka motsata dzuwa.

Palinso china chimene anthu sachitchula. Ku Eastgate kulibe wogona. Mafani aakulu angathe kulira usiku wonse chifukwa m'maofesi mulibe munthu. Mukaika mabanja pamwamba, monga ndikufunira kuti tizichita, simungawaombe mphepo ka 10 pa ola ali m'tulo. Nyumba zogona zimafuna mawindo mbali ziwiri amene munthu angasiye otsegula usiku osaopa wakuba kapena udzudzu, ndiye kuti zitsulo ndi sefa ziganiziridwe pa pulani pomwe. Pamenepa Eastgate yatithandiza theka lokha, linalo tiyenera kuganiza tokha.

Chifukwa chimene ndikufunira mabanja pamwamba pa masitolo n'chosavuta. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 670,000 mu Lilongwe. Wa 2018 adapeza pafupifupi 990,000. Mzindawu, umene udakhala likulu mu 1975, udajambulidwa motayana, ndipo ukunka nufalikira m'minda. Nyumba iliyonse yatsopano ya kumalire imafuna msewu wake, paipi yake, mapolo ake a magetsi, ndipo mwini wake amathera malipiro pa minibasi. Pamene pakati pa Old Town kapena Limbe, pamene msewu, madzi ndi magetsi zilipo kale, pali masitolo a nsanjika imodzi a malata adzimbiri ndi mapoloti otchingidwa amene akumera udzu. Kuyambira nthawi ya Kamuzu makhonsolo akhala akulemba nyenyezi yofiira pa nyumba zakutha kuti zigwetsedwe. Kugwetsa n'kosavuta. Funso ndi lakuti pamalopo padzaima chiyani, ndipo 6 koloko ikakwana, mumsewumo mudzatsala anthu kapena alonda okha.

Poloti yanu si theka la chigawo ngati ya Old Mutual. Mwina ndi mamita 15 kumsewu, 30 kulowa mkati, anansi mbali zonse ziwiri. Kumene nyumba iyang'ane simusankha, msewu udasankha kale. Komabe maganizo aja amalowa. Gawani nyumba pawiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, pakati musiye bwalo losafolera kapena lofolera mokweza, masitepe akhale mmenemo. Bwalolo lidzakupatsani kuwala ndiponso lidzakoka mpweya wotentha kupita m'mwamba. Ngati msewu uli kumadzulo, makonde akuya ndi zotchinga zoimirira ndiwo mankhwala, chifukwa kakhonde ka pamwamba pa windo sikaletsa dzuwa lopingasa. Konkire ya kudenga musaibise ndi siling'i ya mabolodi, ipakeni penti yoyera basi. Machumuni a ku Harare ndi a njerwa, koma kuno kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zaboma ndi zamalonda, choncho makoma anu adzakhala a mabuloko a simenti kapena njerwa zadothi zosakaniza simenti zopanikiza pa makina. Zachiwirizi n'zolemera bwino ndipo zimasunga kuzizira kuposa buloko ya mphako.

Pomanga pakati pa anzanu, ngozi yoyamba ili pokumba. Sitolo ya mnansi wanu, yomangidwa zaka 60 zapitazo, mwina yaima pa maziko osafika ngakhale mita imodzi. Inu mukakumba mamita atatu mphepete mwake nthawi ya dzinja, dothi la pansi pa khoma lake limayamba kugumukira m'dzenje lanu. Tsiku loyamba muona kamng'alu kopyapyala pamwamba pa chitseko chake, sabata yotsatira chitsekocho sichikutsekeka, kenako mukumana kukhoti. Mmisiri wodziwa amayamba wayendera nyumba za anansi pamodzi ndi eni ake, kujambula zithunzi za ming'alu imene ilipo kale. Pokumba m'malire sakumba mzere wonse nthawi imodzi. Amakumba kachigawo ka mita imodzi, kuthira konkire pansi pa maziko a mnansi, kudumpha zigawo zingapo, kukumba china, n'kudzabwerera zotsalazo zoyambazo zitalimba. N'kochedwa, ndipo kontirakitala wothamangira ndalama sakukonda. Pa chifukwa chomwechi, ine pa poloti yaing'ono sindilimbikitsa malo oimika magalimoto a pansi pa nthaka. Kwina mukumana ndi madzi, kwina thanthwe, njira yotsikira yokha idya gawo lalikulu la poloti, pamene makasitomala ambiri abwera wapansi, pa minibasi kapena pa kabaza.

Ngozi yachiwiri imabadwa ndi kusakaniza ntchito komweko. Wamalonda amafuna kutsogolo kwa sitolo kukhale galasi lokhalokha, mkati mopanda khoma, mizati yochepa. Pamwamba, m'nyumba zogona, makoma ndi ambirimbiri. Zotsatira zake ndi nyumba youma ndi yolemera pamwamba, yoima pa miyendo yofewa. Chivomezi chikabwera, kugwedezeka konse kumathera pa nsanjika yapansiyo, mizati imathyoka, nyumba imakhala pansi. Nyumba zambiri za ku Turkey zidagwa motero mu 1999 ndi mu 2023. Tisamati zimenezo n'zakutali: dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kummawa kwa Africa, ndipo Salima idagwedezeka mu Marichi 1989, Karonga mu Disembala 2009. Chotchinjiriza chake ndi makoma a konkire ya zitsulo oyambira pa maziko mpaka padenga osadukiza, kuzungulira masitepe ndi chikepe ndiponso m'malire, ndi mizati yoima mowongoka ina pamwamba pa inzake. Wobwereka sitolo akadzapempha kugumula khoma kuti mashelefu akwane, yankho lichokere kwa injiniya, osati kwa mwini nyumba.

Walira mvula walira matope: wafuna lendi ya masitolo, walandiranso phokoso, zinyalala, utsi wa tchipisi ndi lole yotsitsa katundu 5 koloko m'mawa. Zimenezi zimathetsedwa pa pepala. Okhala pamwamba akhale ndi khomo lawolawo lochokera kumsewu, mwana wochokera kusukulu asadutse m'bala popita kwawo. Katundu ndi zinyalala zikhale ndi njira yakumbuyo. Mpata wa chumuni cha malo odyera usiyidwe kuyambira pansi mpaka padenga ngakhale lero simukudziwa ngati padzakhala lesitilanti, chifukwa mukapanda kutero chipaipi chidzapachikidwa kunja n'kumafukiza pawindo la munthu. Za moto ndinene mwachidule: masitepe akhale awiri otalikirana, zitseko zake zolimba ku moto, ndipo lachiwirilo lisadzasanduke stoo yokhoma ndi loko. Mipata ya mpweya ija ndayamikirayi ndi njiranso ya utsi, choncho pa nsanjika iliyonse pafunika zotsekera zodzitseka zokha kukatentha. Madzi a m'paipi sakwera okha nsanjika 6. Pafunika thanki pansi, pampu, ndi thanki ina pamwamba. Malita 10,000 ndi matani 10, injiniya adziwe pamene adzakhale asanawerengere mizati.

Tonse tidaziona nyumba zimene zitsulo zake zatsala zili tong'o padenga, zikuchita dzimbiri, kudikira nsanjika ina ndalama zikadzapezeka. Kumanga pang'onopang'ono si tchimo, ambiri a ife ndi mmene tingathere. Tchimo ndi kuuza injiniya kuti nsanjika ndi ziwiri kuti maziko atchipe, mumtima muli zisanu. Mmera m'poyamba. Nenani chiwerengero chomaliza tsiku loyamba, maziko ndi mizati zimangidwe za zisanuzo, zitsulo zodikirazo zikutidwe ndi konkire yosalimba kwambiri imene idzagumulidwe nthawi ikadzakwana. Ndipo pa tsiku lothira silabu, inu akapitawo, imani pamene akusakaniza. Anyamata akatopa amathira madzi ambiri kuti konkire iyende mosavuta m'wilibala, ndipo chidebe chilichonse chowonjezera chimachotsa mphamvu. Tengani zitsanzo m'tizikombole zikayezedwe pa masiku 7 ndi 28. Silabu ithiriridwe madzi osachepera masiku 7, isaume ndi dzuwa. Konkire imene mukuyembekeza kuti idzakuziziritseni iyambe yatha kunyamula nyumba.

Kwa inu a kukhonsolo pempho langa ndi lakuti poona pulani musamangowerenga malo oimika magalimoto ndi mtunda wochokera kumsewu. Funsani kumene kuwala kwa chipinda chapakati kuchokere, ndipo lolezani anthu kugona pamwamba pa masitolo pakati pa tauni. Inu ophunzira, zolembedwa za kutentha kwa masana ndi usiku zilipo ku nthambi yoona zanyengo, za malo ngati Chileka ndi Chitedze. Kazitengeni musanajambule mzere woyamba, muone kuti mwezi uliwonse usiku ukukupatsani madigiri angati aulere.

Inu eni mapoloti, ndalama ndi zanu, ndipo mawu omaliza pa pulani ndi anu. Musanasayine, lozani chipinda cha kumadzulo pa nsanjika yachinayi, mufunse wojambulayo kuti mmenemo mudzakhala madigiri angati 3 koloko masana mu Okutobala magetsi atazima. Akakuyankhani kuti mudzaika makina, kapena akayamba kukuonetsani zithunzi zokongola, musalipire msanga. Abwerere akawerengere, adzabwere ndi nambala.